Mtima ukapsa, ukalemera kapena ukachita mantha: mayankho a makalata anu

Makalata a mwezi uno achokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Oyankha ndi aphungu a za thanzi la maganizo, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu. Chiyambireni kubweza ngongole ya banki m'khonde, sindikuchedwa kupsa mtima. Mwana akangotaya madzi ndimamukalipira mpaka anansi kumva, nthawi zina kumumenya kumene, kenako usiku ndimagona ndikulira. Ndinamva pa wailesi kuti pali njira ya kusinkhasinkha yomwe imathandiza. Ndi yotani, nanga ndingaiyambe bwanji ine wosowa ndi nthawi yokhala pansi yomwe?
Mayi wa ana anayi, Lizulu

YANKHO: Mayi, njira munamvayo ndi imene madokotala amaitcha mindfulness. Ndi kudziphunzitsa kuzindikira zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo mwanu pa nthawi yomwe zikuchitikayo, osathamangira kuziweruza kapena kuchitapo kanthu. Inalowa m'zipatala mu 1979, pamene Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala matenda a mgonagona ndi ululu wosatha ku University of Massachusetts, ku America. Maphunziro akewo amatenga masabata 8, ndipo wophunzira amayeserera kunyumba mphindi 45 tsiku lililonse. Inu mphindi 45 simungazipeze. Yambani ndi 10.

Poyamba mumvetse momwe mkwiyo umayendera. Sufika pakamwa usanadutse m'thupi. Ubongo ukaona chinthu choopsa kapena chonyoza, thupi limatulutsa m'magazi mankhwala ake achilengedwe otchedwa adrenaline, ndiye mtima umayamba kuthamanga, mpweya umafupika n'kumathera pachifuwa, nsagwada zimalumana, mapewa amakwera, nkhope imatentha. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, mawu asanatuluke. Munthu wosazolowera amazindikira kuti wapsa mtima dzanja litafika kale pa mwana. Chimene mukufuna kuphunzira n'chakuti muzizimva zizindikirozi zikungoyamba kumene, mpata wosankha chochita ukadalipo.

Kuyeserera kumachitika mtima uli m'malo, osati mkangano uli mkati. Sankhani nthawi imodzi yosasinthasintha. Kwa munthu wa geni, nthawi yabwino ndi m'mamawa, madzi osamba ali pamoto, ana asanadzuke. Kwanuko kumazizira, makamaka mu June ndi July, choncho fundani bulangeti chifukwa thupi lonjenjemera silikhazikika. Khalani pa mpando kapena pa mkeka mutatsamira khoma, msana woongoka koma osaumitsa, manja pa ntchafu. Musagone pansi, tulo tingakubeni. Tcherani alamu ya foni pa mphindi 10, foniyo muiike patali. Maso mukhoza kutsinzina, kapena kungoyang'ana pansi patsogolo panu.

Mphindi 2 zoyamba imvani malo amene thupi lakhudza: mapazi pansi, ntchafu pa mkeka, msana pa khoma. Kenako ikani dzanja limodzi pamchombo, mumve mimba ikukwera mpweya ukamalowa, ikutsika ukamatuluka. Mpweyawo musaukakamize, usiyeni uziyenda wokha. Ukatuluka werengani 1 mumtima, ukatulukanso 2, mpaka 10, n'kuyambiranso.

Pa 10 simufika, ndipo zisakudabwitseni. Pofika pa 3 kapena 4 maganizo adzakhala ali kale pa msika, pa mtengo wa thumba la mbatatesi, pa tsiku lobweza ndalama ku gulu. Mukazindikira, nenani mumtima kuti "awa ndi maganizo", mubwerere pa 1. Maganizo ali ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo: imayenda mpaka chingwe chitakungika, kenako n'kubwerera. Kubwererako ndiye phunziro lenileni. Mukabwerera ka 30 pa mphindi 10 zija, ndiye kuti mwayeserera ka 30. Ambiri amasiya sabata yoyamba chifukwa amaganiza kuti cholinga n'chakuti m'mutu mukhale zii. M'mutu mwa munthu wamoyo simukhala zii.

Pakatha masabata awiri, onjezani gawo lachiwiri, lomwe ndi lokhudza mkwiyo wanuwo. Mukakhala mphindi 5 mukutsatira mpweya, kumbukirani dala kanthu kakang'ono komwe kanakupsetsani mtima dzulo, mwina kasitomala amene ananenerera mtengo monyoza. Musayambe ndi nkhani yaikulu. Siyani nkhope ya munthuyo ndi mawu ake, mufufuze pamene mkwiyowo wakhala m'thupi. Pakhosi? Pachifuwa? M'mimba? Ukutentha, ukufinya, kapena ukulemera? Upatseni mlingo, kuyambira 0 mpaka 10. Utchuleni dzina mumtima: "mkwiyo wabwera". Khalani nawo mphindi ziwiri mukupuma, osauthamangitsa, osauonjezera. Upimeninso. Kawirikawiri mudzapeza kuti wasuntha, wachepa, kapena pansi pake pali chinthu china. Kwa inu tikukhulupirira kuti pansi pa mkwiyowo pali mantha a ngongole ndi manyazi a zomwe anzanu a pagulu adzanene.

Kutchula dzinaku musakupeputse. Mu 2007, Matthew Lieberman ndi anzake ku University of California, Los Angeles, anajambula ubongo wa anthu omwe ankaona zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha. Anthuwo akatchula dzina la zomwe nkhopeyo ikuonetsa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzutsa mantha ndi mkwiyo, kankachepetsako ntchito. Samalaninso ndi katchulidwe. "Mkwiyo wabwera" ndi chinthu chimene mungachiyang'ane chikubwera n'kumapita. "Ndine mayi woipa" ndi chigamulo, ndipo chimangoonjezera misozi ya usiku ija.

Tsopano tsiku limene mwana wataya madzi. Mukangomva nsagwada zikulumana, tulani pansi chilichonse chili m'manja, kaya ndi mthiko kaya ndi ndowa. Pondani mapazi onse awiri pansi mwamphamvu. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, katatu. Kutulutsa kuzitalika kuposa kukoka, chifukwa mtima umatsika liwiro pamene mpweya ukutuluka. Ngati mlingo wa mkwiyo wapitirira 7, musayankhule. Tulukani, zungulirani kuseri kwa nyumba, mubwere mlingo utatsika. Mwanayo mudzamudzudzulabe, koma ndi mawu amene mwasankha.

Chimene chimalepheretsa ambiri pamenepa ndi nkhani imene maganizo amayamba kufotokoza: mwana ameneyu samva, bambo ake sathandiza, ine ndimafa ndekha m'nyumba muno. Mwina zonsezo n'zoona, koma chiganizo chilichonse chimadzutsanso thupi, ndipo mkwiyo umene ukadatsika umayambiranso. Mukaimva nkhaniyo ikuyamba, bwererani ku mapazi ndi mpweya. Onaninso ngati masiku opsa mtima kwambiri si omwe mwachoka m'nyumba osadya kanthu kapena mwagona maola ochepa, pakuti njala ndi kusowa tulo zimafupikitsa mtima wa wina aliyense.

Ngongoleyo kupuma sikuibweza. Pitani kwa apampando ndi msungichuma wa gulu lanu tsiku lobweza lisanafike, muwauze ndalama imene mungakwanitse pa sabata, mupemphe kuti akutalikitsireni nthawi. Musathawire kwa akatapila kuti mutseke dzenje la gulu. Ndipo tsiku limene dzanja lakutsogolerani, mwanayo mumuitane madzulo, mumuuze kuti kumenyako sikunali koyenera.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo. Achinyamata athu ena ayamba zokhala chete atatsinzina, akuti akusinkhasinkha. Ndamva kuti zimenezi zinachokera ku zipembedzo za ku Asia. Kodi Mkhristu angachite zimenezi osalakwira chikhulupiriro chake?
Bambo wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, munamva zoona. Mizu ya njirayi ili m'chiphunzitso cha Chibuda, chomwe chinayambira ku India zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo sitikufuna kukubisirani. Koma chimene chimaphunzitsidwa m'zipatala lero chilibe wopembedzedwa, chilibe mawu opatulika obwereza, chilibe mzimu woitanidwa. Munthu amamva mpweya wake, thupi lake ndi maganizo ake, basi.

Akhristu ndi Asilamu ena amaichita pemphero lisanayambe, kuti maganizo obalalika akhale pamodzi. Wina amawerenga mpweya, wina amatchula mumtima mawu aafupi a pemphero lake mpweya ukamatuluka. Thupi limalandira zonse ziwiri mofanana. Tikupemphani mukhale nawo pansi achinyamatawo, muwafunse chimene akuchita ndi amene akuwaphunzitsa. Pochenjera ndi pamene wophunzitsa akufuna ndalama zambiri, akulonjeza chuma kapena machiritso a matenda onse, akuwauza kuti abise kwa makolo, kapena akuwaletsa kumwa mankhwala a kuchipatala. Wa ma ARV, wa BP, wa shuga, wa khunyu apitirize mankhwala ake monga anauzidwira. Ngati munthu chikumbumtima chake sichikumulola, asakakamizidwe. Kuyenda, kuimba ndi kucheza ndi munthu womukhulupirira kumathandizanso.

FUNSO: Ndili Fomu 4 ndipo mayeso a MSCE ayandikira. Ndikatsegula buku mtima umathamanga. Mnzanga anandiuza kuti ndizipuma mwamphamvu n'kuchotsa maganizo onse oipa. Nditayesa ndinachita chizungulire, zala ndi milomo zinachita dzanzi, ndinaona ngati ndikufa. Maganizo olephera mayesowo anachita kuchulukirachulukira. Kodi ndili ndi vuto la mtima?
Mnyamata wa pa boma, Dedza

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo anakupatsani malangizo awiri, ndipo onse ndi olakwika.

Loyamba ndi kupuma mwamphamvu. Munthu akamakoka mpweya wambiri mofulumira, amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa umene thupi likupanga. Ukachepa m'magazi, mitsempha yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndiye pamabwera chizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira milomo, nthawi zina zala kuuma kumene. Munthu amachita mantha, manthawo amamupumitsa mofulumira kwambiri, zizindikiro n'kukulirakulira. Mantha adzidzidzi oterewa amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenako amatsika okha. Ndi owawa, koma paokha sapha. Mankhwala ake ndi kupuma pang'ono ndi modekha: pakamwa potseka, mpweya wochepa kudzera m'mphuno, mimba ndiyo izikwera osati mapewa, kutulutsa kotalika. Kukoka mpaka 4 ndi kutulutsa mpaka 6 kumakupatsani mapumidwe pafupifupi 6 pa mphindi imodzi.

Lachiwiri ndi kuchotsa maganizo. Mu 1987 katswiri wa za maganizo Daniel Wegner anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera kwa mphindi 5. Analephera, ndipo atawalola kuchiganiza pambuyo pake, anachiganiza kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe. Kuti ubongo utsimikize kuti sukuganiza chinthu, umayenera kumachiyang'anayang'ana. N'chifukwa chake ganizo la kulephera linakula mutalithamangitsa. Likabwera, nenani mumtima kuti "ndikuganiza zoti ndilephera", mulilole likhale, maso abwerere pa funso lomwe lili patsogolo panu. Ganizo si ulosi.

Popeza kutsatira mpweya kunakuopsani, musayambirenso pamenepo. Yambani ndi zakunja, maso ali otsegula. Tchulani zinthu 5 zimene mukuona, monga mng'alu wa pa khoma kapena cholembera. Kenako 4 zimene thupi likukhudza, 3 zimene mukumva ndi makutu, 2 zimene mukununkhiza, ndi kukoma kumodzi komwe kuli m'kamwa. Zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo mukhoza kuchita muli pa desiki m'chipinda cha mayeso popanda wodziwa. Njira ina ndi ya poyenda: popita kusukulu, sankhani mtunda wa pakati pa mapolo awiri a magetsi, muyende mukumva chidendene chikufika pansi, phazi likutsatira, zala zikunyamuka. Mpweya mudzaubwerera pakatha sabata kapena awiri.

Funso lanu la mtima likufunika kupimidwa kuchipatala, osati kalata. Kuchepa kwa magazi, mphumu, malungo ndi matenda a chithokomiro zimathamangitsanso mtima. Pitani akakupimeni, makamaka ngati munakomokapo, kapena chifuwa chimapweteka mukathamanga kapena kukwera phiri. Chepetsani tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene ophunzira amamwa kuti achezere kuwerenga, chifukwa caffeine, yomwe imapezeka m'zakumwazi, imabweretsa zizindikiro zofanana ndi za nkhawa. Kugona maola 7 kapena 8 kumathandiza ubongo kusunga zomwe mwawerenga kuposa kuchezera usiku wonse.

FUNSO: Amuna anga anamwalira miyezi isanu yapitayo. Anthu amangoti limbani mtima. Masana ndimalimba, koma usiku ndikaona jekete lawo pa msomali ndimalira mpaka kucha. Kudya sikukundikomera, kumunda sindikupita. Kodi kusinkhasinkhaku kungandichotsere chisonichi?
Mayi wa ku Mtakataka, Dedza

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi. Sikungachichotse, ndipo sitikanafuna kuti chichotsedwe ngati matenda. Mukulira munthu amene munakhala naye. Chimene njirayi ingachite ndi kukuthandizani kuti chisonicho muzikumana nacho pang'onopang'ono, mmalo mochitsekera tsiku lonse n'kudzakugwerani chonse pakati pa usiku.

Chipatseni nthawi yake kunja kukuwala. Madzulo dzuwa lisanalowe, khalani pakhonde mphindi 10 kapena 15. Ngati mungathe, tengani jeketelo muliike pa miyendo. Imvani kulemera kwake ndi nsalu yake m'zala zanu. Ikani dzanja pachifuwa pamene pakupwetekapo, munene mumtima kuti "chisoni chabwera". Misozi ikabwera isiyeni. Mudzaona kuti kulira kumakwera, kumafika pamwamba, kenako kumatsika, ndipo mpweya umabwerera wokha. Chikakula kuposa momwe mungapirire, kwezani maso, yang'anani mtengo kapena nkhuku pabwalo, mverani phokoso la m'mudzi, mubwerere pamene mwapezako mphamvu. Nthawi ikatha, imirirani, sambani kumaso, chitani kantchito ka manja. Masiku oyamba pemphani mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumpingo akhale nanu pafupi, ngakhale osayankhula.

Muzisiyanitsa chisoni ndi kudziimba mlandu. Chisoni chimamveka m'thupi ndipo chimayenda. Kudziimba mlandu kumazungulira malo amodzi: ndikanawatengera kuchipatala msanga, ndikanakana kuti apite ulendo uja. Mafunso amenewa alibe yankho loti mtima ukhutire nalo, ndipo amakula usiku. Mukawamva, atchuleni kuti "ndikanati zija zabweranso", mubwerere ku dzanja lili pachifuwa. Muziyankhula nokha monga mukanayankhulira ndi mnzanu woferedwa.

Koma mawu anu akuti kudya sikukukoma ndipo kumunda simukupita atidetsa nkhawa. Munthu akakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, osakondwa ndi chilichonse, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, thupi lofooka, akudziona wopanda pake, amakhala kuti mwina chisoni chasanduka matenda a kukhumudwa, omwe ali ndi chithandizo. Pali maphunziro a mindfulness opangidwira matendawa, omwe anakonza Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, koma anawakonzera anthu amene achira kale, kuti matenda asabwererenso, makamaka omwe anadwalapo katatu kapena kuposa. Munthu amene ali mkati mwa matenda sayenera kudalira kukhala chete payekha, chifukwa maganizo akuda amatha kumuchulukira. Pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Mua kaya ku chipatala chachikulu cha boma ku Dedza, mukanene mosabisa kuti vuto ndi maganizo, mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Kukafunika, amatumiza ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental Hospital.

Ngati ganizo lofuna kuwatsatira amuna anu linakufikiranipo, musadikire mawa. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, musagone nokha, ndipo mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapiritsi ambiri achoke m'nyumba akasungidwe kwa wachibale. Kulinena ganizolo sikulikulitsa. Ndi kumene kumatsegula njira ya thandizo.

FUNSO: Amuna anga akaledzera amandimenya. Ndikangomva mapazi awo panja thupi lonse limanjenjemera. Mnzanga akuti ndiphunzire kusinkhasinkha kuti ndizitha kupirira. Nditatsinzina ndinangoona zomwe zinachitika usiku wina, ndinatuluka thukuta. Ndilimbikire?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Ayi, mayi, musalimbikire, ndipo njirayi si yophunzitsa munthu kupirira nkhanza. Mantha anuwo akugwira ntchito yake, akukuuzani kuti muli pangozi. Chofunika kusintha ndi kumenyako, osati mtima wanu.

Zimene munaona mutatsinzina zimachitikira anthu ambiri amene anachitiridwa nkhanza. Maso akatsekeka ndipo kunja kukakhala chete, ubongo umabweza zoopsa zija ngati zikuchitika pompano. Choncho inu musamatsinzine, musamakhale nokha mumdima n'kumayang'ana za mkati. Thupi likayamba kunjenjemera pamene muli pamalo otetezeka, tsegulani maso, pondani pansi, gwirani chinthu chozizira monga kapu ya madzi, tchulani tsiku la lero ndi malo amene muli. Zozama kuposa apa zimafuna mphungu wodziwa za nkhanza ali pambali panu.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, la 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso choti munthu wankhanza asakuyandikireni. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomwe imalandira nkhani zoterezi. Mukavulazidwa pitani kuchipatala tsiku lomwelo, zovulalazo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa zimakhala umboni. Ankhoswe auzeni, koma akangoti banja ndi kupirira, musalekere pomwepo. Konzeranitu nyumba yothawirako usiku, gwirizanani ndi mnansi chizindikiro choti akachimva abwere ndi anthu, ndipo chiphaso chanu, mabuku a kuchipatala a ana ndi kandalama pang'ono zikhale kwa munthu amene mumamukhulupirira, kunja kwa nyumbayo.